NCHITO YA MSILIKARI WA M'KASINJA

Mnyamata wa ku Kamwala akatsata mseu wa Burma Road, afika pa cipata ca Arakan Barracks, likulu la asilikari a Zambia. Maina awiriwa akumbutsa nkhondo ya ku Burma, kumene asilikari a Northern Rhodesia Regiment anamenyana ndi Ajapani m'zaka za 1944 ndi 1945. Makolo ajawo anali oyenda pansi. Koma anyamata ambiri mtima wao uli pa kasinja, cigalimoto cacitsulo coyenda pa maunyolo, ndipo ayesa kuti wokwera m'menemo wapeza mpumulo. Si tero ai.

Pakulandira ufulu m'caka ca 1964, Zambia analibe akasinja, koma timagalimoto tacitsulo ta Ferret. Akasinja anadza m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pa nthawi ya mabvuto a kumwera kwa Zambezi, ndipo ena mwa iwo anali a T-55 ocokera ku Soviet Union. Gulu lao, 64 Armoured Regiment, likhala ku Mikango, kum'mawa kwa Lusaka.

Kasinja wa T-55 alemera matani 36, ndipo m'kati mwace mukhala anthu anai okha. Watsopano, atatsiriza maphunziro oyamba a usilikari, kawirikawiri ayambira pa nchito yolonga zipolopolo mu mzinga. Cipolopolo cimodzi cilemera makilogramu ngati 30. Iye acinyamula ali cowerama, nacikankha ndi dzanja lamanzere, m'malo opapatiza, mu utsi ndi m'kutentha kwa mwezi wa October. Mzinga ukalira ubwerera m'mbuyo mwamphamvu, ndipo wocedwa kucotsa mkono athyoka. Pano munthu wamfupi, amene anzace anamseka kusukulu, ndiye ali ndi mwai.

Akaoneka wacangu amphunzitsa udalaivala. Kasinjayu alibe ciongolero conga ca lole. Akhota ndi ndodo ziwiri zacitsulo, ndipo akatseka citseko dalaivala apenya njira pa timagalasi tocepa. Mpando wacitatu ndi wa woombera mzinga, ndipo ufuna maso akuthwa ndi masamu. Amene anathawa masamu kusukulu akumana nao pomwepa.

Maudindo aoneka pa mkono: mzere umodzi lansi kopolo, iwiri kopolo, itatu sajeni. Woyang'anira kasinja asankhidwa mwa makopolo ndi masajeni, ndipo ayenera kudziwa nchito zonse zitatuzo, pakuti mmodzi akabvulala, mnzace alowa m'malo mwace msanga. Njira ya maofisala ndi yina. Iwo aphunzira ku Kabwe, ndipo ofisala wacinyamata wanzeru amvera sajeni wace bwino asanayambe kulamula.

Koma masiku oombera mzinga ndi owerengeka pa caka. Masiku ambiri atha ndi kumanga maunyolo, kuthira mafuta, kucotsa pfumbi m'injini, ndi kutsuka mzinga ndi mtengo wautali umene anthu onse anai aukankhira pamodzi. Zala zambiri zaphwanyika pa nchito yotereyi popanda mdani ali yense.

Pakupuma nchito, msilikari wotere abwerera ku komboni akudziwa injini ya dizilo koposa amakanika ambiri, ndipo nzeru imeneyi imdyetsa. Ena abweranso ndi makutu ogontha cifukwa ca phokoso, kotero kuti mai wa kunyumba ayenera kukweza mau powaitanira ku nsima.