Ming'oma Itatu ya Njuchi

Munthu akaima pa doko la Kachulu amaona chilumba cha Chisi kum'mawa, ndi phiri la Zomba kumadzulo. Pakati pa nyanja ndi phirilo pali midzi yambiri, minda ya chimanga, ndi madimba a mpunga m'mbali mwa mitsinje ya Likangala ndi Domasi. Anthu a kumeneko amadalira nsomba za m'nyanja ya Chilwa, ndizo matemba, makumba ndi milamba. Koma nyanjayi ndi yosaya, ndipo pa zaka za chilala imaphwa, monga idachitira m'chaka cha 1968 ndi cha 1995. Pamenepo mabwato adagona pa matope, ndipo mabanja ambiri adasowa pogwira. Chifukwa chake ndi nzeru kuti pakhomo pakhale chuma china chosadalira madzi a m'nyanja. Chimodzi cha chuma chotere ndicho njuchi.

Njuchi za kuthengo zimakhala m'mphako za mitengo ndi m'mapanga. Munthu wofuna kuziweta azipangira nyumba, dzina lake mng'oma. Ming'oma ili ya mitundumitundu, koma yodziwika kwambiri ndi itatu.

Woyamba ndiwo mng'oma wa khungwa, umene makolo adaudziwa kalekale. Mmisiri asankha mtengo wowongoka wa mombo kapena mchenga. Atema khungwa mozungulira pamwamba ndi pansi, nalicheka mzere umodzi chotsika, nalisenda lonse lathunthu. Tsono alilumikiza ndi zikhomo, natseka uku ndi uku, nasiya kabowo kolowera njuchi. Atatha apachika mng'omawo pa mphanda ya mtengo wautali.

Mng'oma umenewu sulira ndalama, ndi wopepuka, ndipo njuchi zimaukonda. Koma uli ndi zoipa ziwiri. Choyamba, mtengo wosendedwa mozungulira umauma, pakuti chakudya cha mtengo chimayenda m'kati mwa khungwa. Kotero mng'oma uliwonse wa khungwa wapha mtengo umene ukadachita maluwa a njuchi zaka zambiri. Kale nkhalango zidali zowirira, koma lero mitengo yachepa chifukwa cha makala ndi nkhuni zowambira nsomba. Chachiwiri, njuchi zimamatirira malesa ku khungwa lenilenilo, ndipo mwini sakhoza kuona za m'kati popanda kuphwanya. Ambiri amafula usiku ndi muuni wa udzu. Moto umapsereza njuchi, mpeni umadula ana pamodzi ndi uchi, ndipo njuchi zotsala zimathawa. Nthawi zina muuniwo ukagwa pansi umatentha tchire lonse.

Wachiwiri ndiwo mng'oma wa Langstroth. Lorenzo Langstroth adali mbusa wa mpingo ku America, ndipo adali wokonda njuchi. M'chaka cha 1851, ali ku Philadelphia, adazindikira kuti njuchi zili ndi muyeso wao. Zikapeza mpata wa mamilimita 6 kufikira 9, zimauleka kuti ukhale njira yao. Mpata ukachepa zimautseka ndi utomoni wa mitengo. Ukakula zimamangamo lesa. Tsono iye adakhoma bokosi, naikamo mafelemu onga a zenera, otalikirana mwa muyeso womwewo. Njuchi zidamanga lesa limodzi m'felemu lililonse, ndipo munthu adakhoza kulitulutsa, kuliyang'ana, ndi kulibwezera osaliswa.

Mng'oma uwu umapatsa uchi wambiri, chifukwa uchi amaukhetsa ndi makina ozungulira, ndipo lesa lopanda kanthu limabwerera kwa njuchi. Motero sizitaya nthawi ndi uchi pomanga lina. Koma mtengo wake ndi waukulu. Ufuna matabwa osalala, mmisiri wosaphonya muyeso, waya, ndi makina aja. Kwa munthu wa kumudzi woyamba kumene, katundu ameneyu ndi wolemera.

Wachitatu ndiwo mng'oma wa ku Kenya, umene akatswiri a dzikolo adaukonza cha m'ma 1970 mothandizana ndi aphunzitsi a sukulu yaikulu ya Guelph ku Canada. Maonekedwe ake anga a bwato la matabwa: pamwamba ndi potambalala, pansi ndi popapatiza, ndipo utali wake ndi monga mita imodzi. Mulibe mafelemu. Pamwamba amayala timatabwa topingasa, togundana bwino, ndipo njuchi zimalendewetsa lesa limodzi pa kathabwa kalikonse. Popeza makoma ake ndi opendekeka, njuchi sizimatirira kwambiri malesa m'mbali. Mwini anyamula kathabwa, ndipo lesa lituluka lathunthu.

Ubwino wina wa mng'oma uwu ndi wakuti munthu akhoza kuusintha monga mwa zinthu zimene ali nazo. Wosowa matabwa aluka thupi lake ndi nsungwi kapena bango, naliphoma ndi dothi losakaniza ndi ndowe. Denga likhoza kukhala la udzu kapena la chidutswa cha lata. Koma pali chinthu chimodzi chosati kusintha, ndicho kukula kwa timatabwa. Kwa njuchi za kuno, kathabwa kalikonse kakhale mamilimita 32 m'lifupi mwake, pakuti umenewo ndi muyeso wa lesa limodzi pamodzi ndi njira ya njuchi. Timatabwa tikakula kapena kuchepa, njuchi zimamanga mopingasa, kulumikiza kathabwa ndi kanzake. Pamenepo mwini sakhozanso kutulutsa lesa, ndipo bokosi lake lasanduka ngati mng'oma wa khungwa. Mwana wa sukulu wodziwa kuyesa ndi lula akhoza kuthandiza atate ake pa ntchito imeneyi, nawapulumutsa ku chitayiko cha chaka chonse.

Pakati pa kathabwa kalikonse, kunsi kwake, amadontheza mzere wa sera wosungunula. Mzerewo uonetsa njuchi poyambira kumanga, ndipo fungo lake limaitana njuchi zofuna malo. Mng'omawo aupachika ndi waya pakati pa nsanamira ziwiri, molekeza m'chiuno mwa munthu wamkulu. Wayayo ampaka girizi kuti linthumbu ndi nyerere zisaoloke. Chiuli nacho chimalephera kugwetsa mng'oma wolendewera. Popeza m'chigwa cha Chilwa mumatentha kwambiri mwezi wa October ndi November, mng'oma ukhale pa mthunzi, ndipo madzi akhale pafupi. Ukhalenso kutali ndi njira, khola ndi bwalo la sukulu, chifukwa njuchi zikaputidwa zimaluma koopsa. Ana asatsegule mng'oma popanda munthu wamkulu wovala zodzitetezera.

Pofula, mwini afukiza utsi pang'ono, nayamba kumbuyo kwa mng'oma kumene njuchi zimasunga uchi. Atenga malesa okhawo amene njuchi zatseka ndi sera, chifukwa uchi wosatseka uli ndi madzi ambiri ndipo umasasa. Malesa a ana, amene amakhala kufupi ndi khomo, awasiya. Asiyanso uchi wina kuti njuchi zidye pa nyengo yosowa maluwa. Akatero njuchi sizithawa, ndipo adzafulanso mng'oma womwewo. Sera wa malesa ofinyidwa asamtaye, pakuti amapangira makandulo ndi mafuta odzola.

Tsono pa ming'oma itatuyi, wa khungwa ndi wosalira ndalama, koma umadya mtengo ndi njuchi. Wa Langstroth umabala koposa, koma ufuna chuma choyambira. Wa ku Kenya uli pakati: sutha mitengo, supha njuchi, ndipo munthu wosauka akhoza kuupanga ngati asunga muyeso. Mudzi umene usunga mitengo yake ndi njuchi zake udzakhala ndi uchi ngakhale chaka chimene nyanja yaphwa. Udzakhalanso ndi maungu ndi mango ambiri, pakuti njuchi ndizo zimanyamula mungu kuchoka pa duwa kunka pa linzake.

Mafunso

1. Chifukwa ninji mtengo wosendedwa khungwa mozungulira umauma?
2. Langstroth adazindikira chiyani m'chaka cha 1851?
3. Chimachitika n'chiyani timatabwa tikaposa mamilimita 32?
4. Ndi malesa ati amene mwini ayenera kusiya pofula?