Kuchotsa Mikono ya Mapedulo pa Njinga ndi Zipangizo Zake

Mphamvu ya wopalasa njinga imachoka pa pedulo, n'kudutsa mu mkono wachitsulo, n'kufika pa ekiselo imene imazungulira m'munsi mwa fulemu. Mikono iŵiriyi, pamodzi ndi giya lokoka tcheni, ndiyo imatchedwa crankset m'mabuku a zaumisiri. Imachotsedwa pamene mabering'i atha, mkono wapindika, kapena mano a giya apereseka. Ntchitoyi ndi yochepa, koma njinga zambiri zimawonongekera pomwepa, chifukwa mikono siimangidwa pa ekiselo mwa njira imodzi. Motero mmisiri ayenera kuyamba waona kamangidwe kake asanatole chipangizo chilichonse.

Mtundu woyamba ndi wa kotapini, umene umapezeka pa njinga zolimba zonyamulira katundu, monga Humber ndi Raleigh zakale kapena Hero ndi Phoenix. Kotapini ndi kachitsulo kosemedwa mbali imodzi, kokhuthala mamilimita 9 kapena 9.5, kamene kamapingasa mkono n'kupana ekiselo. Mmisiri amamasula nati kufikira italingana ndi nsonga ya kotapini, kuti mazinga asaphwanyike. Kenaka amachirikiza mkono ndi paipi yofika pansi, n'kumenya ndi hamala kamodzi kapena kaŵiri mwamphamvu. Kugogoda pang'onopang'ono kumangofutukula nsonga, kotapini n'kukanirira. Kumenya popanda chochirikiza nako kumasiya timaenje m'makapu a mabering'i. Pobwezera, makotapini aŵiriwo aloze mosemphana. Akaloza kumodzi, mikono siikhala pa mzere umodzi ndipo njinga imapalasika motsimphina.

Mtundu wachiŵiri ndi wa ekiselo ya nsonga ya mbali zinayi, yopyapyala chakumapeto. Umenewu ngwofala pa njinga zokwerera mapiri ndi zina zakaunjika. Apa hamala ilibe ntchito. Choyamba amachotsa kachivundikiro, n'kumasula bawuti ndi sipanala ya soketi ya mamilimita 14 kapena 15, mwina ndi kiyi wa Allen wa mamilimita 8. Washa asatsalire m'kati. Ngakhale bawuti atachoka, mkono umakhala utagwirabe zolimba, ndipo umazulidwa ndi chipangizo chotchedwa crank puller. Mbali yake yakunja imaloŵa m'mazinga a mkono, a mamilimita 22, ndipo yam'kati imakankha ekiselo. Chiyenera kuloŵetsedwa ndi manja poyamba, moongoka, mpaka kumapeto. Mikono yambiri yamtunduwu ndi ya aluminiyamu, chitsulo chofeŵa, ndipo chipangizo chikangogwira mazinga aŵiri kapena atatu chimawazula onse. Zikatero mkono umatsala pa ekiselo popanda pougwira, ndipo nthaŵi zambiri umachoka mochita kudula. Kwa munthu amene amadyera njinga yake, cholakwa chotere chimamuluzitsa mkono watsopano ndi tsiku la ntchito lomwe.

Ekiselo za mizere, monga Octalink ndi ISIS, zimazulidwa chimodzimodzi, koma chipangizo chake chikhale cha mutu waukulu. Bowo la ekiselo zimenezi ndi lotakasuka, kotero mutu waung'ono umangomiramo n'kuwononga mazinga a bawuti.

Mtundu wachitatu ndi wa njinga zamakono, monga Hollowtech II ya kampani ya Shimano. Ekiselo yake ndi yolumikizika ndi mkono wakumanja, ndipo safuna chozulira. Pa mkono wakumanzere pali mabawuti aŵiri opanira, omasulidwa mosinthanasinthana ndi kiyi wa Allen wa mamilimita 5. Akamasuka, amachotsa chivundikiro chapulasitiki ndi kachipangizo kake, n'kutukula kambale kotetezera kamene kali mu mpata wa mkonowo. Mkono wakumanzere umasololoka ndi dzanja, ndipo wakumanja umatuluka pamodzi ndi ekiselo.

Pali mfundo ina imene imasokoneza ophunzira ngakhalenso olemba malangizo. Mabawuti a mikono, kumanja ndi kumanzere komwe, amamasulidwa mwa nthaŵi zonse, potembenuzira kumanzere. Chosiyana ndi pedulo yakumanzere, imene mazinga ake ngotembenuka: imamasuka poizunguliza kumanja, kaŵirikaŵiri ndi sipanala ya mamilimita 15. Ngati mapedulo nawo akuchotsedwa, ndi bwino kuwamasula mikono ikadali pa njinga, pakuti fulemu imathandiza kugwira.

Choncho malangizo ongonena kuti mkono uchotsedwe ndi osakwanira. Ayenera kutchula mtundu wa ekiselo, chipangizo chake ndi muyeso wake, pakuti hamala imene imamasula kotapini ndiyo imene imapha mkono wa aluminiyamu.