Uthenga wa mganda uli ngati thobwa, umafuna nthawi yake

Mganda umakoma ndi anthu. Anyamata angavale zoyera mbee, nsapato zopukutidwa bwino, ng'oma yaikulu nkumagunda mpaka kumveka kutsidya kwa dambo, koma ngati pabwalo pali ana okhaokha ndi agogo awiri atatu, ovinawo miyendo imawalemera. M'midzi ya ku Mitundu ndi ku Nathenje zimachitika kuti mudzi wina uitana boma (gulu la ovina) la mganda, anthu nkudzaza bwalo mpaka ena kukwera m'mitengo. Mudzi woyandikana nawo uitana boma lomwelo patangopita milungu ingapo, koma bwalo nkukhala pululu. Zikatere timathamangira kunena kuti pali nsanje, kapena kuti anthu a masiku ano sakondanso zamakolo. Kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chapafupi: uthenga unatuluka pa nthawi yolakwika.

Guleyu chiyambire ndi wodzionetsa pagulu, chifukwa anachokera ku perete wa asilikali. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, amuna ambiri a ku Nyasaland analowa usilikali wa King's African Rifles, enanso ochuluka anagwira ntchito ya mtengatenga. Pobwerera kwawo anatenga zimene anaziona: kuguba pamzere, ng'oma ya bandi, malipenga, unifolomu ndi maudindo. Pakati pa Ayao padakhazikika beni, ku Nkhata Bay ndi ku Karonga malipenga, m'chigawo chapakati mganda. Katswiri wa mbiri yakale Terence Ranger anafotokoza m'buku lake la 1975 mmene magule a mtunduwu anayendera kuchokera kugombe la East Africa mpaka kufika kuno. Malipenga amkuwa kunalibe, ndiye anthu anasema badza la chikho, nkumaliza nyimbo bwinobwino. Chokometsa chachikulu ndi ulendo: boma la mudzi uno limapita kukavina kumudzi wina, ndipo oweruza enieni ndi oonerera, amene amasonyeza wopambana ndi nthungululu zawo komanso ndalama zofupa.

Ku America kulinso magulu a achinyamata oguba ndi ng'oma ndi malipenga, omwe amapikisana pansi pa bungwe la Drum Corps International. Mpikisano wake woyamba unachitika mu 1972. Nyengo yawo imayamba mu Juni, nkukathera mu Ogasiti mumzinda wa Indianapolis. Masiku ndi malo a zionetsero amawalengeza kudakali miyezi yambiri, kuti mabanja apemphe tchuthi kuntchito ndi kugula matikiti. Nyengo ikayandikira, gulu lililonse limaulula zimene lidzaimbe, anthu mtima nkuyambanso kudumpha. Kumeneko woonerera amawerengera ndege ndi hotela, kuno amawerengera kabaza, sopo wochapira chitenje ndi munthu wotsala ndi mbuzi pakhomo. Koma onsewa amafuna chinthu chimodzi, mpata wokonzekera.

Kuti timvetse bwino mpata umenewu, tiyeni tipite kuseri kwa nyumba kumene amayi amaphika thobwa. Thobwa la Loweruka siliyamba Lachisanu. Limayamba ndi chimera: kunyika chimanga kapena mawere, kuvundikira mpaka zimere, kuyanika padzuwa, kenako kukagayitsa. Pamenepo papita kale masiku ambiri. Tsiku lophika likafika, amayi amaphika phala, nkuliphula, nkulidikira kuti lizizire pang'ono. Akathira chimera phala lili lotentha kwambiri, mphamvu ya chimeracho imafa ndipo thobwa silitsekemera. Akachithira litazizira ndithu, sichigwiranso bwino. Akathira pa nthawi yake amalisiya ligone, mawa lake nkuliwiritsanso. Womwa lisanagone amamwa phala, ndipo wolisunga masiku ambiri amapeza litasasa. Uthenga woitanira anthu kubwalo umayenda njira yomweyi.

Chimera cha uthenga ndi mawu oyamba, opita kwa anthu amene ali ndi ntchito yoti achite. Amfumu ayenera kuvomereza bwalo ndi tsiku, ndipo iwonso amadziwitsa mafumu anzawo. Boma loitanidwa lifuna madzulo ambiri oyeserera masitepe ndi kupeka nyimbo zatsopano, poti palibe amene amafuna kukachita manyazi kwa eni ndi nyimbo za chaka chatha. Wina malaya ake oyera anang'ambika, ayenera kuonana ndi telala. Ng'oma ifuna chikopa chatsopano. Eni mudzi asonkhe ufa, nkhuni ndi ndiwo za alendo, amayi a chimtali agwirizane za chitenje chimene adzavale. Ngati mtunda ndi wautali, pafunika ndalama za lole. Zonsezi sizitheka m'masiku anayi. Mwezi wathunthu kapena milungu isanu ndi umodzi ndiye mlingo wabwino. Ndipo munthu aliyense amene wapatsidwa ntchito amasanduka mthenga: wosonkha ufa sangajombe, ndipo sabwera yekha.

Kutentha kwa phala ndi nyengo ya chaka. M'dera lino ndalama zimayenda ndi ulimi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi anthu ali kumunda, kupalira, kubandira, kuthyola ndi kusoka fodya m'zigafa. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitauma, anthu ali pa ganyu. Kulankhula za gule pa nthawi imeneyo ndi kuthira chimera paphala lozizira. Okushoni ya fodya ku Kanengo imatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo kuyambira Meyi mavenda amakhala atapachika masikelo awo kugula soya, mtedza ndi chimanga. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti chakudya chilipo, ndalama ikuoneka, ntchito yakumunda yachepa. Ikafika Seputembala sukulu zimatsegulidwa, makolo maso ali pa fizi ndi unifolomu, alimi a fodya ali kudambo kuthirira nazale. Mu Okutobala ndi Novembala mutu wa aliyense uli pa kupanga mizere ndi kupeza feteleza. Choncho tsiku la gule si lokhalo lofunika kuliganizira. Uthenganso uyenera kumufika munthu ndalama ya mtedza isanathe, kuti apatule kangachepe. Ukamupeza atagula kale malata, adzangoti, "Mukanandiuza kale."

Kenako pali njira imene mawu amayendamo. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pafupifupi theka la mabanja m'dziko muno ndi limene linali ndi foni yam'manja, ndipo wailesi inali m'banja limodzi mwa mabanja atatu. Uthenga wa pa WhatsApp umafika msanga kwa mphunzitsi, kwa mnyamata wa kabaza ndi kwa wachibale wa ku Kawale kapena ku Area 36, koma mayi wa kumudzi amaumvera pamjigo, kuchigayo, kubanki mkhonde, pa zolengeza za kutchalitchi ndi kumsika. Malo amenewa ali ndi masiku ake. Msika waukulu wa pa Mitundu umasonkhanitsa anthu a ngolo ndi njinga ochokera m'midzi yakutali, ndipo pa Nathenje pamadutsa msewu wa M1, pomwe amaminibasi ndi ogula tomato amatenga nkhani nkupita nazo ku Lilongwe ndi ku Dedza. Munthu sapita kumsika tsiku lililonse la msika, ndipo Lamulungu lina amajomba kutchalitchi. Uthenga umene wadutsa msika umodzi wokha waphonya anthu ambiri. Uyenera kugona, kudutsa misika iwiri kapena itatu ndi Malamulungu awiri, kuti amene sanamve amve kwa anzawo.

Komanso mawu akamayenda pakamwa amasintha. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Loweruka lino limasanduka Loweruka la mawa, bwalo la pasukulu limasanduka la kwa amfumu. Nchifukwa chake thobwa amaliwiritsa kachiwiri. Kutatsala mlungu umodzi, uthenga ubwerezedwe ndi eni ake, momveka: tsiku, malo, ola, ndi maboma amene akubwera. Pepala lomata pachigayo ndi pagolosale limathandiza, chimkuzamawu pa tsiku la msika chimathandiza koposa. Apa ndi pamene okonza anzeru amatulutsa nkhani imene anaisunga, monga kuti boma lija linagonjetsa anzawo chaka chatha lavomera kubwera. Kuulula zonse pa tsiku loyamba kumasiya mlungu womaliza wopanda chokoka anthu.

Uthenga wochedwa zotsatira zake timazidziwa. Amabwera ndi okhawo amene amva ng'oma ali pakhomo. Wogulitsa mandasi ndi zitumbuwa sanagule mafuta, wachiwaya sanapikule mbatata, wakanyenya sanapeze mbuzi. Pamene palibe malonda anthu sakhalitsa, njala ikawapweteka amabalalika gule ali pakati. Achibale a m'tauni, amene amafupa ndalama zooneka, sanapeze mpata wopempha kuntchito. Anthu amwa phala.

Uthenga wofulumira kwambiri nawonso uli ndi matenda ake. Mukalengeza mu Epulo za gule wa mu Ogasiti nkukhala chete, mawuwo amasasa. Anthu amaiwala, ena amayamba kufunsana ngati zilipobe, ndipo pamene pali chete mphekesera imamera: akuti akomiti adya ndalama, akuti alendo akana. Pofika tsikulo chidwi chinatha kalekale. Kulengeza msanga si kulakwa, kulakwa ndi kulengeza msanga popanda kukumbutsa.

Miyezi yabwinoyo ili ndi vuto limodzi, aliyense amaifuna. Loweruka la m'chilimwe limalimbiranidwa ndi zinkhoswe, maukwati, ziliza, zinamwali, misonkhano ya makwaya, mipikisano ya mpira wa m'midzi, ndi mpira wa ku England umene anyamata amakaonera m'nyumba za kanema pa Mitundu ndi pa Nathenje. Mapanga awiri avumbwitsa. Amene wayamba kutchula tsiku ndiye amalitenga, poti mabanja ndi mipingo imapewa kugundana ndi chinthu chimene chadziwika kale. Ichi ndi chifukwa china chotumizira mawu oyamba msanga. Chimene munthu sangachikonzekere ndi maliro. Zovuta zikagwa m'mudzi ng'oma ya chisangalalo siilira, ndipo palibe amene angatsutse. Zikatero, uthenga wolepheretsa upite limodzi ndi tsiku latsopano. Kungoti "tidzakuuzani" ndi kutaya zonse zimene munakonza, ndipo ulendo wotsatira anthu adzadikira kuti amve ng'oma kaye asananyamuke.

Zochitika zimene zimasonkhanitsa anthu ochuluka chaka ndi chaka zinathana ndi vutoli pokhala ndi nthawi yosasuntha. Mwambo wa Kulamba umachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mafumu ndi magulu a zovina safuna kalata kuti adziwe mwezi wake, amayamba kusonkha za ulendo akangokolola. Wanzeru saika mganda wake pa Loweruka limenelo. Chimodzimodzi chikumbutso cha woimba Evison Matafale, amene anamwalira mu Novembala 2001: okonda nyimbo za Black Missionaries amadziwa kuti Novembala akafika njira ndi ya ku Chileka. Tsiku likakhazikika chotere, uthenga wa chaka chino umakhala utaperekedwa kale chaka chatha, ndipo wailesi imangokumbutsa. Mudzi umene ungasankhe, mwachitsanzo, Loweruka lachiwiri la Julayi kukhala la mganda ndi chimtali chaka chilichonse, pakutha pa zaka zochepa sudzavutikanso kuitana anthu.

Ola lolengezedwa nalonso ndi lonjezo. Tinazolowera kunena kuti gule ayamba 1 koloko pamene tikudziwa kuti ng'oma idzalira 4 koloko. Anthu akapusitsidwa kawiri amaphunzira kuchedwa, ndipo ochokera kutali amanyamuka gule atangofika pokoma poopa mdima. Pa khamu lalikulu nkhaniyi imafika pa moyo. Pa 6 Julayi 2017, tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira, anthu ambirimbiri anasonkhana m'mawa pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, zipata nkutsegulidwa mochedwa kuposa nthawi imene ankayembekezera. Pa kukankhana kumene kunatsatira anthu 8 anamwalira, ambiri mwa iwo ana. Woitana anthu ayenera kukhala wokonzeka kuwalandira pa nthawi imene watchula.

Inu a komiti ya mganda, ya kwaya kapena ya bandi, musanatumize mnyamata ndi kalata khalani pansi ndi amfumu ndi akulu a mipingo, muone masiku amene atengedwa kale. Sankhani tsiku la pakati pa Juni ndi Ogasiti. Uzani ovina ndi ophika kudakali mwezi kapena kuposerapo, uzani anthu onse kudakali milungu iwiri kapena itatu, bwerezani pa msika womaliza, ndipo ola limene mwanena mulisunge. Gule akatha bwino, lengezani tsiku la chaka chamawa anthu asanabalalike.