Ku Singapore agogo ndi ana a mkombaphala akusamalidwa malo amodzi

Mayi amene akulera mwana wa zaka zitatu, kwinaku akusamala apongozi amene miyendo inayamba kukana, amadziwa mmene kumachera. Mwana akulirira phala, agogo akudikira madzi osamba, kuntchito nako nthawi yakwana. Ku Singapore, dziko laling'ono la ku Asia, boma linaona kuti mabanja otere akuchuluka, ndipo linaganiza zowapepuza posintha kamangidwe ka nyumba.

Kumeneko anthu pafupifupi 8 mwa 10 alionse amakhala m'nyumba zosanjikizana zomangidwa ndi bungwe la boma la Housing and Development Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 1960. Ana akubadwa ochepa pomwe anthu akukhala ndi moyo wautali, moti pofika 2030 nzika imodzi mwa zinayi idzakhala ya zaka 65 kapena kuposerapo. Ndiye mu 2015 boma linalengeza kuti m'madera pafupifupi 10 a nyumba zatsopano lidzaika pamodzi malo osamalira ana ndi malo osamalira achikulire.

Malo odziwika kwambiri ndi Kampung Admiralty, m'dera la Woodlands, omwe anatha kumangidwa mu 2017. M'chinenero cha Malay, kampung ndi mudzi, ndipo ndi mudzidi, kungoti unakwera m'mwamba nsanjika 11. Pansi pali bwalo lochezera. Mukakwera mupeza malo ogulitsira zakudya zophikaphika, kenako chipatala, kenako sukulu ya mkombaphala yoyandikana ndi malo amene achikulire amaswera. Pamwamba pali nyumba pafupifupi 100 za anthu a zaka 55 kupita m'tsogolo, komanso dimba la padenga. Pamakomo anaikapo mabenchi dala, kuti munthu asamangodzitsekera m'nyumba tsiku lonse. Siteshoni ya sitima ili pompo, choncho mayi angathe kusiya mwana ndi kholo lake pa ulendo umodzi n'kukwera sitima ya kuntchito. Mu 2018 malowa anapata mphotho ya World Building of the Year, koma kwa ine ulendo umodzi umenewu ndiwo waukulu.

Nawo Mpingo sunatsalire. Mu 2017 St Joseph's Home, nyumba yosungira okalamba ya bungwe la Catholic Welfare Services m'dera la Jurong, inatsegula malo olerera makanda ndi ana aang'ono mkati mwa mpanda wake. Kumeneku agogo ambiri ndi ofooka, ena amayendera njinga za olumala, koma amakumana ndi tiana pa nyimbo, nthano ndi ntchito zamanja. Kuno kwathu wina aseka kuti zimenezi n'zachilendo pati, si mmene takulira pakhonde la agogo? Zoona. Koma amene anasamukira m'tauni n'kusiya makolo kumudzi amvetsa chimene anzathuwa akuyesa kubwezeretsa.

Kuyandikitsa zipinda pakokha sikukwanira. Mwana amene sanazolowere nkhope yamakwinya amatha kuthawa, ndipo si agogo onse amene amapirira phokoso. Pamafunika aphunzitsi ndi osamalira okalamba amene akhala pansi n'kugwirizana za nthawi yokumana, kutalika kwake, ndi amene akumane. Agogo si antchito olera ana, ndipo amene sakufuna tsiku limenelo asiyidwe apume.

Palinso nkhani ya matenda. Chimfine chimene mwana amachira m'masiku ochepa chikhoza kusanduka chibayo mwa munthu wa zaka 80. N'chifukwa chake kusamba m'manja, katemera, ndi kusunga mwana wodwala kunyumba si zinthu zonyengererana pa malo otere. Mu 2020, Covid-19 itavuta, boma la Singapore linaletsa kwa kanthawi alendo onse m'nyumba zosungira okalamba, ngakhale ana awo enieni.