Makiyi a Makompyuta a pa Yunivesite Asunge Ndani?

Nkhani yathu ya lero ikutitengera ku America, mu mzinda wa Salt Lake City, kumene kuli University of Utah. Funso limene tikulingalira ndi lakuti, kodi pa yunivesite makompyuta a nthambi iliyonse ya maphunziro aziyang'aniridwa ndi yani?

Yunivesite ili ngati mudzi waukulu wa mabanja ambiri. Pali nthambi ya zachipatala, ya zamalamulo, ya sayansi ndi zina, ndipo iliyonse ili ndi mkulu wake ndiponso thumba lake la ndalama. Makompyuta atafika, nthambi zambiri zinagula makina awoawo ndi kulemba amisiri awoawo. Chifukwa chake chinali chomveka ndithu. Wofufuza za nyenyezi safuna makina ofanana ndi a mphunzitsi wa mbiri yakale, ndipo palibe munthu wophunzira amene amakondwera kudikira miyezi kuti a ku likulu amlole kugula chida cha ntchito yake.

Koma taonani zimene zinachitika Lamulungu, pa 19 Julayi 2020. Mbava za pa intaneti zinaloŵa m'makina a nthambi imodzi ya pa yunivesiteyo, yotchedwa College of Social and Behavioral Science, imene imaphunzitsa za chikhalidwe ndi makhalidwe a anthu. Zinatseka zolembedwa zina za m'makinamo kuti eni ake asathe kuziŵerenga, kenaka zinafuna dipo. Mwamwayi, zolembedwazo zinali zitakoperedwa m'nkhokwe ina yapadera, choncho amisiri anazibwezeretsa. Komabe vuto silinathere pomwepo, pakuti mwa zolembedwazo munali mbiri ya ophunzira ndi antchito, ndipo panali mantha akuti mbavazo ziimwaza poyera. Akuluakulu anaganiza zolipira, ndipo ndalama zake zinakwana madola 457,059. Gawo lina linachokera ku kampani ya inshuwalansi, lotsalalo yunivesite inalipira yokha. Ophunzira ndi antchito onse, ngakhale a nthambi zimene sizinakhudzidwe, anauzidwa kuti asinthe mawu awo achinsinsi.

Apa ndipo pagona nkhani. Mpanda unathyoledwa kunyumba imodzi, koma mlandu unagwera mudzi wonse. Yunivesite inavomereza poyera kuti kufooka kwake kunali pa kubalalika kwa ulamuliro wa makina, ndipo inalengeza kuti makina onse a nthambi osunga zinsinsi za anthu asamutsidwira ku likulu. Mwezi umodzi m'mbuyomo, mu Juni, sukulu ya zachipatala ya pa University of California, San Francisco nayo inali italipira mbava zotere madola oposa miliyoni imodzi.

Tikamanena za ulamuliro wa makompyuta, sitikunena za luso lokonza makina. Tikunena za kugwirizana pasadakhale kuti wovomereza kugula ndani, woloŵa m'kaundula wa malikisi ndani, wotseka khomo mphunzitsi akasiya ntchito ndani, ndiponso wodzutsidwa pakati pa usiku zinthu zikavuta ndani. Mafunso ameneŵa ndi a mkulu wa nthambi ndi komiti yake. Kumsenzetsa mmisiri yekha n'kumlakwira, popeza iye alibe mphamvu yokaniza pulofesa.

Tisaganize kuti kusonkhanitsa zonse ku likulu kulibe zoŵaŵa zake. Zinthu zimachedwa, ndipo likululo likagwa onse agwera pamodzi. N'chifukwa chake mayunivesite ambiri amagaŵa udindo paŵiri. Makina a kafukufuku amatsala m'manja mwa nthambi, malinga atsate malamulo a chitetezo a sukulu yonse, pamene maina, malikisi ndi malipiro a anthu zimasungidwa ku likulu, kumene kuli amisiri olondera usana ndi usiku.