Mafuta a Nigeria: Ofesi Iliyonse ndi Buku Lake

Mu September 2013, gavanala wa banki yaikulu ya Nigeria, a Lamido Sanusi, analembera Pulezidenti Goodluck Jonathan kalata yonena kuti kampani ya boma ya mafuta, NNPC, sinapereke ku thumba la boma madola 49.8 biliyoni a mafuta amene inagulitsa pakati pa January 2012 ndi July 2013. Kalatayo itatulukira poyera kumapeto kwa chakacho, akuluakulu a banki yaikulu, a NNPC, a unduna wa zachuma, a bungwe lotolera misonkho la FIRS ndi a nthambi yoyang'anira zokumba mafuta ya DPR anakhala pansi, aliyense atanyamula mabuku ake. Sipanapite masiku ambiri, chiwerengero chija chinatsika. Nduna ya zachuma, mayi Ngozi Okonjo-Iweala, anati ndalama zosadziwika kolowera ndi madola 10.8 biliyoni, a Sanusi anati ndi 12 biliyoni, ndipo pofika February 2014 anauza aphungu kuti ndi 20 biliyoni. Mwezi womwewo a Sanusi anaimitsidwa ntchito. Ambiri amaikumbukira nkhaniyi ngati ya kuba. Ine chimene chimandidabwitsa kwambiri n'chakuti dziko limene lakhala likugulitsa mafuta kunja kuyambira 1958 linalephera kuyankha funso lophweka, lakuti tagulitsa migolo ingati ndipo ndalama zake zili kuti, mpaka nduna zitaitanizana kumsonkhano.

Chimene chinatsitsa chiwerengero choyamba chija n'chochititsa manyazi. Makampani okumba mafuta ku Nigeria ankalipira gawo lina la misonkho yawo ndi mafuta enieniwo, osati ndalama. NNPC inkatenga mafutawo n'kukagulitsa m'malo mwa FIRS ndi DPR, ndalama zake n'kulowa m'maakaunti a mabungwe amenewa. Banki yaikulu inaona migolo yonse imene NNPC inakweza m'sitima, inaona ndalama zimene zinabwera m'dzina la NNPC, n'kupeza kuti sizikugwirizana. Mabiliyoni ambiri amene ankaoneka ngati asowa anali atalowa kale m'boma kudzera pa khomo lina. Apa ndi pamene pagona mfundo yanga: pamene nthambi za boma sizionetsana ziwerengero, ndalama zimene zilipo zimaoneka ngati zabedwa, ndipo zobedwadi zimabisala m'chipwirikiti chomwecho. Wakuba safunika kubisa kalikonse. Amangodikira kuti maofesi atsutsane, anthu atope ndi manambala, nkhani izizire.

Dzikoli linali litachenjezedwa kale. Pa 1 January 2012 boma linachotsa sabuside ya petulo, anthu anakhamukira m'misewu ya Lagos ndi Abuja, ndipo nyumba ya malamulo inakhazikitsa komiti yofufuza ndalama zimene zinapita ku sabusideyo mu 2011. Bajeti inali itaika manaira 245 biliyoni. Akauntanti wamkulu wa boma anati zinatuluka pafupifupi 1.6 thililiyoni, banki yaikulu inati 1.7 thililiyoni, pamene komitiyo inapeza zoposa 2.5 thililiyoni. Amalonda ankalipidwa potengera mapepala osonyeza kuti abweretsa petulo m'dziko, koma ofufuza ena atayerekeza mapepalawo ndi kaundula wa maulendo a sitima zapamadzi, anapeza kuti sitima zina pa masiku otchulidwawo zinali kutali ndi Nigeria. Umboni woletsa malipirowo unalipo, kungoti ofesi yolipira sinkauona, kapena sinkafuna kuuona. Wapampando wa komiti ya aphunguyo, a Farouk Lawan, nawonso anadzagamulidwa kukakhala kundende mu 2021 pa mlandu wolandira ziphuphu pa ntchito yomweyi, zimene zikuonetsa kuti kafukufuku wobwera ndalama zitapita kale si mankhwala odalirika.

Pali otsutsa amene amati ziwerengero za mafuta ndi chinsinsi cha malonda. Kampani imawononga ndalama zambiri pofufuza zimene zili pansi pa nyanja, ndiye ikadziwa kuti zotsatira zake zizingoyenda m'maofesi a boma, ithawa. Nkhawayi si yopanda pake, koma Norway inaithetsa kalekale. Kuyambira 1995 dzikolo lili ndi nkhokwe imodzi ya pakompyuta yotchedwa Diskos, imene nthambi ya boma yoyang'anira mafuta inakhazikitsa pamodzi ndi makampani. Lamulo limakakamiza kampani iliyonse kupereka zimene yapeza, ndipo lamulo lomwelo limanena kuti n'ziti zikhale zachinsinsi komanso kwa zaka zingati. Zoyezedwa m'chitsime zimatsegulidwa pakatha zaka ziwiri, pamene zimene akatswiri a kampani atanthauzira zimatetezedwa kwa nthawi yaitali. Kuchuluka kwa mafuta otuluka pa malo aliwonse okumbidwa kumalengezedwa mwezi ndi mwezi. Makampani sanathawe. Ndipotu chinsinsi chimene kampani imafuna n'chobisira opikisana nayo pa malonda. Palibe chifukwa chomveka chakuti wotolera misonkho wa boma asaone chiwerengero chimene woyang'anira zitsime wa boma lomwelo ali nacho.

Chitsutso chachiwiri n'cholemera kuposa choyambachi. Ena amati maofesi akayamba kugwiritsa ntchito buku limodzi, bodza limodzi lidzakwanira kunamiza onse, ndipo kusagwirizana kwa manambala, kumene kunaulula nkhani ya a Sanusi, sikudzaonekanso. Akunena zoona ngati kugawana kukutanthauza kukoperana. Amayi a banki m'khonde amadziwa bwino za izi: mlembi amalemba m'buku lake, owerenga ndalama amawerenga paokha, makiyi a bokosi amakhala ndi anthu osiyana, koma pa msonkhano uliwonse zonse zimalengezedwa pamaso pa gulu. Boma likufunika zomwezo. Woyang'anira zitsime ayeze payekha, wa padoko awerenge migolo yokwera m'sitima, wa misonkho awerengere zimene kampani iyenera kupereka, banki yaikulu ilembe zimene zalowa, kenako mwezi uliwonse manambalawo akumane, kusiyana kulikonse kufotokozedwe nthawi yomweyo. Kusiyana kwina n'kwachilungamo, chifukwa mafuta okwezedwa mwezi uno amalipiridwa mwezi wina ndipo mitengo imasintha. Kusiyana kotere kumafotokozeka mosavuta pakatha mwezi, koma pakatha zaka ziwiri kumafuna kampani ya owerengera ndalama. Vuto lina ku Nigeria linali lakuti ziwerengero zambiri zinkachokera ku gwero limodzi. Bungwe la NEITI, limene lamulo la 2007 linapatsa mphamvu zounika ndalama za mafuta, linadandaula mobwerezabwereza kuti dzikolo limadalira kuyeza mafuta padoko potuluka, osati pachitsime. Zotayika kapena kubedwa m'mapaipi pakati pa malo awiriwa zinkangoyerekezedwa.

Amene amaganiza kuti nkhaniyi ndi yongogula makompyuta aone zimene zinachitikira kampani ya PwC, imene boma linailemba ntchito yofufuza madola 20 biliyoni aja. Lipoti lake, lotulutsidwa mu April 2015, linati NNPC ndi kampani yake yokumba mafuta ya NPDC zibweze madola osachepera 1.48 biliyoni, koma linanenanso kuti ofufuzawo sanapatsidwe mabuku onse amene anapempha. Otumidwa ndi boma anamanidwa mabuku ndi nthambi za boma lomwelo. Ofesi imaumira ziwerengero chifukwa mwini chiwerengero ndiye mwini mphamvu, ndipo kalaliki amene wapereka fayilo ku unduna wina popanda lamulo lomuteteza amaopa kutaya ntchito. Choncho chofunika poyamba ndi lamulo lotchula ofesi yopereka, chimene ipereke, tsiku lopereka, ndi chilango cha wokana. Mu August 2021 Nigeria inakhazikitsa lamulo latsopano la mafuta limene linathetsa DPR n'kubweretsa mabungwe awiri, NUPRC woyang'anira zokumba ndi NMDPRA woyang'anira zonyamula, kuyenga ndi kugulitsa. Kugawa ntchito motero kuli ndi ubwino wake, komabe kwawonjezera malire ena amene chiwerengero chiyenera kudumpha.

Malawi sanatulutse mgolo ndi umodzi womwe, koma nkhaniyi si yachilendo kwathu. Dzikoli linagawidwa m'zigawo zisanu ndi chimodzi zofufuzamo mafuta, zina zili pa nyanja ya Malawi, ndipo lamulo loyendetsera ntchitoyi linalembedwa mu 1983. Mapangano ena ogawana mafuta anasainidwa kutangotsala masiku ochepa kuti chisankho cha May 2014 chichitike, ndipo boma lotsatira linaimitsa ntchito yofufuzayo kuti liunikenso mmene zinthu zinayendera. Mu 2015 dzikoli linalowa mu EITI, ndondomeko yapadziko lonse yoyerekeza zimene makampani akuti alipira ndi zimene boma likuti lalandira. Koma malipoti a EITI amatuluka pakapita chaka kapena kuposerapo. Unduna wa zamigodi, MRA, Reserve Bank, akatswiri a za miyala a ku Zomba ndi bungwe loteteza chilengedwe angathe kugwirizana panopa za amene adzayeze, amene adzaone mapangano ndi masiku oonetsana mabuku, pamene palibe ofesi imene ili ndi ndalama za mafuta zoti iziumirire.