Ana akaweruka kusukulu, apatseni ola limodzi lothamanga

Makolo ambiri muno mu Dzaleka akamva zoti ana azichita masewero olimbitsa thupi akaweruka kusukulu, amayankha mofanana: mwana wanga amatunga madzi, amanyamula makala, amatsuka mbale, ndiye alimbitsenso thupi lanji? Funsoli ndi lomveka, koma ntchito zapakhomo ndi masewero sizipatsa thupi zinthu zofanana.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, linati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azikhala ndi mphindi 60 pa tsiku zochita zinthu zimene zimapangitsa mtima kugunda mwamsanga, mpaka kupuma mwawefuwefu. Linatinso masiku atatu pa sabata azichita zolimbitsa minofu ndi mafupa, monga kudumpha. Mphindi 60 zimenezi sizofunika kuti zikwane nthawi imodzi. Akathamanga pang'ono pa nthawi yopuma kusukulu, kenako madzulo, zonse zimawerengedwa.

Tsopano taganizirani za kutunga madzi. Mwana amaima pamzere nthawi yaitali, ndiye n'kusenza chigubu cha malita 20, chomwe chimalemera makilogalamu 20, n'kumayenda pang'onopang'ono kuopa kutaya madzi. Amatopa ndithu, koma chimene chatopa kwambiri ndi khosi ndi msana. Mtima ndi mapapo zimalimba mwana akamathamanga, kuima, n'kuthamanganso. Mafupa nawo amakhwima akamalandira kugunda kwa phazi pansi podumpha, ndipo mbali yaikulu ya mafupa amene munthu adzayende nawo mpaka ukalamba imamangidwa asanakwanitse zaka 20.

Palinso za mumtima. Ena mwa ana athu anaona zoopsa m'njira pobwera kuno, ena anabadwira konkuno koma amamva nkhawa zathu tsiku ndi tsiku, za chakudya ndi za mapepala. Mwana amene wasewera ndi anzake mpaka thukuta amagona tulo tabwino, mkwiyo umachepa, ndipo m'mawa mutu umagwira bwino m'kalasi. Masewero sachotsa mavuto onse, ndipo mwana amene akulota zoopsa usiku uliwonse apite naye kwa alangizi, koma amathandiza.

Vuto lathu lenileni ndi malo. Kampu ino inatsegulidwa mu 1994, inakonzedwa kuti musamapitirire anthu 12,000, koma lero tilimo oposa 50,000. Nyumba zathinana, ndipo bwalo la mpira nthawi zambiri limakhala ndi anyamata akuluakulu. Mwayi wake, masewero amene amalimbitsa mwana kwambiri safuna bwalo. Jingo imangofuna chingwe ndi kanjira kapakati pa nyumba. Phada amajambula pansi ndi kamtengo, ndipo kudumpha ndi mwendo umodzi kuja n'kumene mafupa amafuna. Pa fulaye awiri amagenda ndi kampira kansanza, wapakati n'kumazinda uku akudzaza mchenga m'botolo, ndipo mphindi khumi zokha amakhala atanyowa thukuta. Chipako sichifuna chilichonse. Mpira wachikulunga ana amaumanga okha ndi majumbo.

Ndiponso tisaiwale zimene tinabwera nazo. Amayi ochokera ku Congo amadziwa nzango, sewero la kuwomba m'manja, kuimba ndi kuponya miyendo mogwirizana ndi nyimbo. Abale ochokera ku Burundi ndi ku Rwanda ali ndi magule odumpha amene amatopetsa kuposa mpira. Kuwaphunzitsa ana zimenezi ndi masewero olimbitsa thupi okwanira, ndipo pa bwalo lotere ana a zilankhulo zosiyana sachedwa kumvana.

Amene akumanidwa kwambiri ola limeneli ndi atsikana. Mnyamata akafika kunyumba amaponya makope n'kutuluka, pamene mlongo wake amapatsidwa mwana kumsana ndi ndowa m'manja. Akafika zaka 12 kapena 13 timayamba kumuuza kuti wakula, asamadumphedumphe. Komatu pa msinkhu umenewu m'pamene mafupa ake akukula mofulumira. Ngakhale ali kumwezi akhoza kusewera ngati sakumva kupweteka. Ine ndimaona kuti njira ndi imodzi basi: ntchito zamadzulo zigawidwe, mnyamata atunge nawo madzi, onse amalize msanga n'kupita kosewera.

Nanga chakudya chikachepa? Apa tisanamizane. Mwana amene sanadye chilichonse kuyambira m'mawa asathamange padzuwa la masana. Adye kaye chimene chilipo, amwe madzi, apume, ndiye azisewera dzuwa likapendeka, cha m'ma 4 koloko. Mwana amene watentha thupi, akutsegula m'mimba, akumva chizungulire kapena watupa mapazi, malo ake ndi kuchipatala osati pabwalo. Wa mphumu asamale ndi mphepo yozizira ya kuno ku Dowa mu Juni ndi Julaye, komanso fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala, koma asaletsedwe kusewera. Ana olumala nawonso aziitanidwa: amene sangathamange akhoza kuponya mpira, kuzunguza chingwe kapena kuvina atakhala.

Makolo ena amatsekera ana m'nyumba poopa ngozi ndi anthu oipa, ndipo mantha amenewa si opanda pake. Mabanja anayi kapena asanu oyandikana mukhoza kugwirizana kuti tsiku lililonse wamkulu mmodzi azikhala pafupi ndi pamene ana akusewera. Sankhani malo otalikira msewu wa njinga zamoto ndi maenje oumbira njerwa, amene amadzaza madzi nthawi ya dzinja. Ana abwerere kusanade, ndipo asambe m'manja ndi sopo asanakhudze chakudya. Ngati m'dera lanu mulibe malo ngakhale a phada, kambiranani ndi mtsogoleri wa zoni yanu.